MLENDO PA MALIRO: KUYESA MAU A GAMITTO ONENA ZA AKUFA ATHU

Mwa mabuku akale amene asimba za makolo athu okhala pakati pa mtsinje wa Luangwa ndi malire a Malawi, lina lochuka ndilo la Mpwitikizi dzina lace António Gamitto. Bukulo, lochedwa O Muata Cazembe, linasindikizidwa ku Lisbon m'caka ca 1854, ndipo Ian Cunnison analitembenuzira m'Cingerezi m'caka ca 1960. Anzathu amene awerenga masamba ace onena za maliro agawika pawiri. Ena agwidwa ndi manyazi, nati makolo athu anali mumdima wokha wokha, sanadziwe kanthu za moyo wa kutsogolo kwa imfa. Ena apsa mtima, nati zonsezo ndi mabodza a Mzungu. Ine ndiganiza kuti onsewa aweruza msanga. Buku lotere liyenera kuyesedwa monga mboni pa bwalo la milandu, imene aifunsa pamene inaima, cimene inaona ndi maso, ndi cimene inangomva kwa ena. Pakuyesa mboni imeneyi ndidzaitana mitundu iwiri yakutali imene ana athu aiphunzira ku sukulu, ndiwo anthu akale a ku Egypt ndi Aviking, pakuti mbiri ya maliro ao itisonyeza kusiyana kwa anthu amene anadzilembera okha cikhulupiriro cao ndi anthu amene cikhulupiriro cao cinalembedwa ndi ena.

MLENDOYO NDI ULENDO WACE

Gamitto anali msilikari wa zaka 25, waciwiri kwa Major Monteiro pa ulendo wocokera ku Tete kunka kwa Mwata Kazembe ku Luapula. Ananyamuka mu June 1831, napyola dziko la Amaravi, nalowa m'dziko la Acewa a Mkanda ndi a Mwase, naoloka Luangwa, nafika kwa Kazembe mu November, ndipo anabwerera m'caka ca 1832. Cimene anayendera ndico kutsegula njira ya malonda. Komabe mnyamatayo anali ndi diso lakuthwa, nalemba tsiku ndi tsiku za mitsinje, minda, zobvala ndi zida za anthu amene anawapeza. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona, pakuti zambiri zimene eni mudzi anaziyesa zacabe, zosayenera kusimba, iye anazisunga kuti ife tizione lero. Koma akuru omwewo anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Maliro a Mcewa satha tsiku loika mtembo. Atenga miyezi yambiri. Munthu wa pa ulendo, amene mtima wace uli pa amtengatenga ndi pa mitulo yopereka kwa mafumu, angathe kuona cigawo cimodzi, koma zotsala azimva m'kamwa mwa womasulira.

ANTHU AMENE ANADZILEMBERA OKHA

Dziko la Egypt, limene Buku Lopatulika lichula Aigupto, tilidziwa tonse cifukwa ca Yosefe, amene analamula asing'anga kuti akonze thupi la atate wace Yakobo ndi mankhwala, ndipo anthu analira masiku 70. Masiku 70 amenewo ndiwo anali mwambo wa kumeneko. Anali kucotsa za m'mimba, naumika thupi ndi mcere wa m'cipululu wochedwa natron, nalikulunga m'nsaru zambiri, koma mtima anali kuusiya m'malo mwace. Tidziwa cifukwa cace pakuti eni ace analemba. Pafupi zaka 2350 Kristu asanabadwe, mapemphero a akufa anazokotedwa pa makoma a manda a mfumu Unas ku Saqqara. Pambuyo pace anthu acuma anayamba kuwalembetsa pa mabokosi ao, kenaka pa mapepala a gumbwa amene lero achedwa Buku la Akufa. Limodzi la mabukuwo, la kalaliki wina dzina lace Ani, wa zaka ngati 1250 Kristu asanabadwe, linafika ku British Museum ku London m'caka ca 1888. M'menemo muli cithunzi ca mlandu wa wakufa. Mtima wace auika pa muyeso kulinga ndi nthenga ya Maat, ndiko kunena coonadi. Anubis ayang'ana muyesowo, Thoth alemba, ndipo cirombo cochedwa Ammit cidikira kumeza mtima wopezeka ndi mlandu. Wakufayo akana zoipa pamaso pa oweruza 42, ndipo akapambana apita naye kwa Osiris, nakakhala ku Munda wa Bango, kumene alima ndi kukolola monga kwao.

Koma pali zolemba zina zazing'ono zimene mabuku a sukulu sakonda kuzichula. Anthu a ku Egypt anali kulembera makalata abale ao akufa, kawiri kawiri pa mbale zimene anasiya ku manda pamodzi ndi cakudya. Mwana adandaulira atate wace wakufa kuti anthu ali kumlanda cuma camasiye. Mwamuna afunsa mkazi wace wakufa cifukwa cace ambvutitsa, pamene iye anamsunga bwino ali moyo. Mcewa ali yense amene anaonapo nkhalamba itagwada ndi ufa m'manja, iri kuchula maina a makolo, sadzafuna womasulira kuti amve makalata amenewa.

ANTHU AMENE ANALEMBEREDWA NDI ENA

Aviking anali anthu a ku Norway, Denmark ndi Sweden, oyenda m'ngalawa, amalonda ndi acifwamba omwe, amene anaopsa maiko a Azungu anzao kuyambira 793 kufikira ca m'ma 1066. Ife a ku Lundazi tiri ndi cikumbutso cao capatali, pakuti nyumba ya Castle imene Bwana D.C. Errol Button anamangitsa pakati pa 1948 ndi 1952 inatsata mamangidwe a Anorman, ndipo Anorman anali zidzukulu za Aviking amene anakhazikika ku France m'caka ca 911. Anthuwa anali ndi zilembo zao zozokota pa miyala ndi pa mitengo, koma mau ace anali afupi afupi, ndipo sanasiye buku lofotokoza cipembedzo cao. Zimene zidziwika zacokera kwa mboni zitatu: manda, mlendo, ndi mdzukulu wotembenuka mtima.

Manda sanena bodza, komanso safotokoza. Ku Oseberg, m'dziko la Norway, anthu anafukula ngalawa yathunthu m'caka ca 1904, imene inakwiriridwa m'caka ca 834 muli akazi awiri, akavalo, gareta, makama ndi zipangizo zoombera nsaru. Cimene oika malirowo anali kuganiza, ngalawayo sinena.

Mlendo ndiye Ahmad ibn Fadlan, Msilamu amene anatumidwa kucokera ku Baghdad, nafika ku mtsinje wa Volga m'caka ca 922. Kumeneko anapeza anthu ochedwa Rus, amene ophunzira ambiri ayesa kuti anali Aviking amalonda, ali kuika mfumu yao. Anaona mtembo utausunga masiku 10 pamene anali kusoka zobvala ndi kufulula mowa. Anaona mdzakazi ali kuphedwa kuti atsagane ndi mbuye wace. Anaona ngalawa iri kutenthedwa ndi zonse za m'menemo. Izi anaziona ndi maso. Koma pofika pa tanthauzo lace anadalira womasulira, ndipo malo amene wakufayo anali kunka iye anawacha Paradaiso, dzina la m'cipembedzo cace ca iye mwini.

Mdzukulu ndiye Snorri Sturluson wa ku Iceland, amene analemba buku lochedwa Edda ca m'ma 1220, patapita zaka zoposa 200 dziko lace litalandira Cikristu. Iye anasonkhanitsa ndakatulo zakale nazilongosola bwino bwino: wofera ku nkhondo apita ku Valhalla, nyumba ya mlungu Odin, ndipo wofa ndi nthenda kapena ukalamba atsikira kwa Hel. Ndakatulo zina zinena kuti theka la ofera ku nkhondo atengedwa ndi Freyja, ndi kuti omira m'nyanja agwa m'ukonde wa Ran. Koma nthano za mabanja a ku Iceland zisimbanso za akufa okhala m'mitumbira yao pafupi ndi mudzi, osunga mbumba yao kapena kuibvutitsa. Snorri anakonda makolo ace, koma anali Mkristu, ndipo ophunzira a masiku ano amwerenga mocenjera, podziwa kuti dongosolo lina la m'bukumo ndi la iye mwini.

Tsono inu owerenga mwaona pamene ife taima. Sitifanana ndi anthu a ku Egypt, pakuti makolo athu sanatisiyire mapepala. Tifanana ndi Aviking, ndipo Gamitto ndiye Ibn Fadlan wathu.

PAMENE MBONI INENA ZOONA

Mau a Gamitto amene apweteka koposa ndi awa, kuti mfumu yaikuru ya Acewa ikafa akazi ace anali kutsekeredwa m'nyumba pamodzi ndi mtembo kufikira tsiku loika, ndi kuti ena a iwo anali kuikidwa m'manda pamodzi ndi mwamuna wao. Ine sindiona cifukwa cokanira zimenezi. Akuru athu omwe, posimba za mafumu akale, anena kuti mfumu sinali kupita yokha. Wolemba mbiri amene abisa cinthu cifukwa ncocititsa manyazi wasiya nchito yace.

Colakwa ndico kuyesa kuti nkhanza imeneyi inali ya ife tokha, kapena kuti ndiyo mutu wa cikhulupiriro cathu. Ku Abydos, m'dziko la Egypt, manda a mfumu Djer, ya zaka ngati 3000 Kristu asanabadwe, azingidwa ndi manda ang'ono oposa 300 a anchito ace, ndipo ophunzira ambiri akhulupirira kuti anthuwo anaphedwa kuti akamtumikire. Pambuyo pace mwambowo unaleka, ndipo m'malo mwa anthu anayamba kuika tizifanizo ta anchito. M'manda a Tutankhamun, amene Howard Carter anapeza m'caka ca 1922, munali tizifanizo 413. Za mdzakazi wa ku Volga tanena kale. M'maiko atatu onsewa imfa zotere zinali za pa maliro a mafumu ndi anthu amphamvu, ndipo zionetsa ulamuliro wa munthu mmodzi pa anzace. Palibe amene anena kuti anthu a ku Egypt analibe nzeru za akufa cifukwa ca manda a Djer. Muyeso womwewo utiyenera ifenso.

PAMENE MAU ACE ACEPA

Gamitto analembanso kuti Amaravi, amene ndi mtundu umodzi ndi ife, akhulupirira kuti mizimu ya anthu abwino ilowa m'njoka, ndi ya anthu oipa m'nkhandwe. Mau amenewa anayenda kutali, pakuti E. B. Tylor anawatenga nawaika m'buku lace la Primitive Culture m'caka ca 1871, ndipo anthu ambiri a ku Ulaya anatidziwa ndi mzere umodzi umenewo. Njoka ndi nkhandwe zirimo ndithu m'nkhani za akuru, koma mlendo anazikonza monga mphotho ndi cilango, ngati kuti kuli woweruza amene agawa akufa pawiri. Apa ndipo pamveka kamwa la womasulira ndi khutu la Mkristu. Akuru anena kuti munthu wofuna kudzauka ngati mkango anali kudzikonzeratu ndi mankhwala ali moyo, ndipo ocita zimenezi anali makamaka mafumu. Anenanso kuti njoka yolowa m'nyumba mwakacetecete ingakhale kholo lodzaona ana ace. Mlandu wa munthu woipa unali kuweruzidwa ndi amoyo, pa bwalo kapena ndi mwabvi, ndipo wofa ndi mwabvi sanali kuikidwa monga anthu ena.

Cikhulupiriro ca Acewa cioneka bwino tikatsata maliro kuyambira paciyambi kufikira pamapeto. Munthu akamwalira mzimu wace sucoka msanga; ukhala pafupi ndi mudzi, wosakhazikika, ndipo ungathe kupweteka abale ace. Adzukulu, amene sali a mbumba ya wakufayo, ndiwo akumba manda, naboola kacipinda m'mbali kuti dothi lisagwere mtembo. Patapita masiku owerengeka anamfedwa ameta koyamba. Patapita miyezi, kawiri kawiri anthu atakolola, afulula mowa wa mpalo nameta kaciwiri. Ngati wakufayo anali mfumu kapena wolowa ku dambwe, zirombo za nyau zituruka, ndipo kasiyamaliro, wolukidwa ndi udzu ndi makoko a cimanga, adza kudzaperekeza mzimuwo kwa makolo. Gule wamkuru ameneyu bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005, koma nchito yace yeniyeni ndi ya pa maliro ndi pa cinamwali. Zonsezi zikatha wakufayo wakhala kholo. Adza kutulo, alanga ndi nthenda akaiwalika, alandira nsembe ya ufa kapena mowa pa kacisi kapena patsinde pa mtengo wa msolo, nanenera ana ace kwa Cauta. Mwana akabadwa amucha dzina lace, ndipo akuru amlemekeza mwanayo ngati mwini dzina. Mzimu umene sunakhazikike, monga wa mfiti, ndiwo uchedwa ciwanda.

Kafedwe ka munthu kanalinso ndi kanthu, monga kwa Aviking. Nthayo anali kuiika akazi okha m'dzenje losaya, ndipo wakhate sanali kuikidwa pansi monga anzace. Koma funso lalikuru la Mcewa silinali lakuti wakufa wapita ku dziko liti. Funso linali lakuti kodi abale atsiriza maliro ace, ndipo kodi dzina lace likali kumveka pa mudzi. Amene afuna Valhalla kapena Munda wa Bango pakati pathu sadzaupeza, ndipo adzalemba kuti tinalibe kanthu. Koma makalata a pa mbale a ku Egypt ndi mitumbira ya ku Iceland zitisonyeza kuti ngakhale kumeneko, pansi pa ziphunzitso za ansembe ndi za oimba ndakatulo, anthu wamba anayesa akufa ao abale okhala pafupi, oyenera kudyetsedwa ndi kukumbukiridwa. Aviking analinso ndi mowa wao wa maliro, umene wolowa nyumba anayenera kumwa asanakhale pa mpando wa atate wace, ndipo analinso kucha ana maina a akufa.

DZIKO LIMODZI, MITUNDU ITATU

Pali cifukwa cina cimene buku la Gamitto silingathe kulankhulira Lundazi yense. Iye anapita zaka zinai Angoni a Zwangendaba asanaoloke Zambezi mu November 1835. Anapeza Acewa ndi Atumbuka okhala pamodzi, koma Angoni sanawaone. Boma la Lundazi, limene linagawidwa m'caka ca 2018 pamene Lumezi ndi Chasefu anakhala maboma pa okha, linali ndi Acewa a Mwase ndi a Zumwanda, Atumbuka a Mphamba, ndi Angoni a Magodi ndi a Phikamalaza. Mngoni wakale anali kuikidwa cokhala tsonga, atakulungidwa m'cikopa ca ng'ombe, ndipo mwini mudzi anali kugona pafupi ndi khola lace. Mzimu wace anali kuupatulira ng'ombe, ndipo makolo opembedzedwa anali a kucimuna. Mcewa anali kugonekedwa m'mphasa ku nkhalango ya manda, ndipo mizimu yomsamala inali makamaka ya kucikazi. Atumbuka, amene cinenero cao ndico cimveka koposa m'dziko lino, anali kupembedza Ciuta ndi mizimu ya makolo pa mtengo wa msolo, koma gule wao wa mizimu ndi vimbuza, wociza odwala, wosiyana ndi nyau. Mitunduyi yakwatirana kwa zaka zoposa 150 ndipo miyambo yasanganizika, kotero kuti wolemba amene anena za anthu a ku Lundazi osachula mfumu ndi mudzi watipatsa nsima ya maufa atatu osatiuza.

ALEMBI A KWATHU

Nafenso tiri ndi a Snorri athu. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Mbiri ya Acewa, ndipo A. J. Makumbi anaturutsa Maliro ndi Miyambo ya Acewa m'caka ca 1955. Iwo aposa Gamitto pa cinthu cacikuru, pakuti sanafune womasulira. Koma ife tonse amene tinapita ku sukulu za mishoni tiri ndi msampha umodzi. Mau akuti mzimu, nsembe ndi kupembedza anatengedwa ndi otembenuza Buku Lopatulika nasenzetsedwa katundu watsopano, ndipo tikawamva lero timva katundu watsopanoyo. Tikafunsa nkhalamba kuti akufa apita kuti, funsolo lacokera m'katekisma, ndipo nkhalambayo, pofuna kutikondweretsa, idzayankha za kumwamba. Tikadafunsa kuti anacita ciani, anacita ndani, ananena mau otani, ndipo cikadaoneka nciani akadaleka, tikadamva zeni zeni.

Nkhani imeneyi si ya akufa okha. Munthu akamwalira ku Lusaka kapena ku migodi, abale asonkha ndalama zambiri kuti galimoto litenge mtembo kudza nao kuno, ndipo patapita caka asonkhananso kudzaika ciliza pa manda, nadya pamodzi monga makolo anacitira pa mpalo. Ambiri a iwo ndi Akristu enieni, ndipo mukawafunsa cifukwa cace adzangoti ndi mwambo. Mwambowo uli ndi nzeru yace, ndipo ana athu ayenera kuimva m'cinenero cao, osati m'mzere umodzi wa Tylor.

Cigamulo canga pa Gamitto ndi ici. Buku lace tilisunge ndi kuliwerenga. Zimene anaona ndi maso tizibvomere, ngakhale zowawa. Zimene anamva kwa womasulira tiziyese ndi mau a akuru athu. Koma pa bwalo mlandu sutha ndi mboni imodzi. Ndipempha aphunzitsi, akalaliki ndi alaliki a m'midzi ya Mwase, ya Mphamba ndi ya Magodi kuti akhale pansi ndi adzukulu, anamkungwi ndi nchembere zimene zikali ndi moyo, alembe maliro amodzi amodzi kuyambira pa kulira koyamba kufikira pa mpalo, nachule mudzi ndi mtundu, nasiyanitse cimene wosimbayo anaona ndi cimene anangomva. Nchito imeneyi isacedwe, pakuti caka ciri conse nkhalamba zodziwa ziri kutsikira kuli cete ndi nzeru zao.